Pamene Wotchi Ilowa Ufumu Pakhomo

Ife amene tidaphunzira sukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tidakula ndi ngodya zinayi pakamwa: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinkazitchula pa mzere wa m'mawa, tinkazimva pa wailesi, ndipo pa Sabata ya Achinyamata tinkazisenzera pamodzi ndi makasu ndi zikwakwa. Mwa zinayizo, imene idatilowa kwambiri m'mafupa ndi yotsirizayo. Kufikira lero lino kholo la msinkhu wanga likafuna kuyamika mwana limati, "Ameneyu ndi wosunga nthawi," ndipo likafuna kunyoza mnzake limati, "Pakhomo pake palibe dongosolo." Inenso ndaphunzitsa ana kusunga nthawi kwa zaka zopitirira 30, ndipo mawa m'mawa ndikawaphunzitsanso, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ulesi sudadzazepo nkhokwe.

Komabe, makolo anzanga ndi inu achinyamata, nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, mwina poopa kuti aulesi angapezerepo pobisala. Dongosolo la tsiku ndi tsiku lidapangidwa kuti litumikire munthu ndi ntchito yake. Likauma gwa, kotero kuti silingapindike ngakhale mvula igwe, mwana adwale kapena mlendo afike, limasanduka mfumu yankhanza, ndipo msonkho wa mfumu imeneyi salipira mwini dongosolo yekha ayi. Olipira kwambiri ndi iwo amene amagona naye nyumba imodzi.

Amalume anga adabwerako ku Joni mu 1975. Chaka cham'mbuyo mwake, mu April 1974, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi kuchokera ku migodi. Boma lidaletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodiko, ndipo amene adali kale kumeneko adayamba kubwerera mapangano awo akamatha. Amalume adafika ndi bokosi lachitsulo, chijasi chachikulu, njinga ndi wotchi ya pamkono. Zinazo zidatha ndi kupita kwa zaka, koma wotchiyo idalamulira pakhomo kufikira tsiku la imfa yawo. Ine ndidakhala nawo zaka zitatu, popeza kwawo kudali pafupi ndi sukulu, kotero ulamuliro wa wotchiyo ndikuudziwa bwino.

Nthawi ikakwana 4:30 m'bandakucha, iwo ankaimirira pakati pa bwalo ndi kuliza wenzulo. Pofika 5 koloko aliyense wodziwa kugwira khasu akhale ali m'munda, ndipo ife a sukulu titsirize ndime yathu tisanasambe. Nsima ya masana inkakhala pamphasa 12 koloko yeniyeni. Chitseko cha mpanda chinkatsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo 8 koloko nyali inkazimitsidwa, kaya nthano ili pakati, kaya munthu watsala ndi samu imodzi kuti atsirize ntchito ya kusukulu. Ndiyenera kunena chilungamo: pakhomopo padali posiririka. Nyumba idali ya malata pamene za anzawo zidali zaudzu, nkhokwe zidali ziwiri, m'khola mudali ng'ombe, ndipo palibe mwana amene adabwezedwapo kusukulu chifukwa cha fizi. Amalume sankamwa mowa, sankasuta fodya, sankakongola kwa munthu. Anthu odutsa pamsewu ankaloza nyumbayo ndi kuuza ana awo kuti atengerepo chitsanzo.

Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Amene ankasenza dongosolo lonselo pamutu adali mayi a pakhomopo. Kuti wenzulo ilire 4:30 madzi ali kale mumtsuko, iwo ankadzuka isanakwane 4 koloko. Kuti nsima ikhale pamphasa 12 koloko, ankaweruka m'munda chothamanga, nkhuni zili kumutu. Nthawi ya dzinja nkhuni zikanyowa moto n'kuvuta, nsima ikachedwa ndi mphindi khumi, amalume sankakalipa, sankamenya. Ankangoyang'ana pamkono, n'kunyamuka, n'kubwerera kumunda osadya. Tsiku limenelo nyumba yonse inkadya ndi mantha, ndipo mayiwo ankangotsina mbamu imodzi n'kusamba m'manja. Anthu akunja ankatama amalume kuti ndi munthu wodziletsa. Palibe amene adafunsapo kuti kudziletsako kukudya mphamvu za yani.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pakhomo paja mlendo wofika 1 koloko ankapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, koma mphika sunkabwerera pamoto mpaka madzulo, ndipo amalume ankamusiya pakhonde chifukwa nthawi yokaona ng'ombe yakwana. Pang'ono ndi pang'ono abale adaleka kupatuka. Ankangopereka moni ali pamsewu, njinga osatsika.

Choopsa chidadza ndi maliro. Kwathu kuno kukagwa zovuta khasu limagona, ndipo aliyense amadziwa zimenezi. Amalume ankapita ndithu ku maliro, koma ankayamba atsiriza ndime yawo, ndipo 12 koloko ikayandikira ankanyamuka ngakhale thupi lisanatuluke m'nyumba. Anyakwawa adawachenjeza kangapo. Tsono tsiku lina zovuta zidagwa pakhomo pawo pomwe. Adzukulu adapita kumanda ndi makasu awo, adakhala pansi pa mtengo, nayamba kucheza. Dzuwa lidafika paliwombo dzenje lisanayambike. Mmodzi wa iwo adatumiza mawu akuti, "Kawauzeni kuti nthawi yathu yokumba sinakwane." Padalowa akuluakulu kupepesa, amalume adapereka mbuzi, ndipo maliro adaikidwa kuli chisisira. M'nyumba ya siwa, amene adakhala tsiku lonse ndi amayi owerengeka, akumva manyazi pamwamba pa chisoni, adali mayi omwe aja. Ndikudziwa kuti masiku ano ambiri akudandaula kuti maliro amadya masiku ochuluka ndi chuma chambiri, ndipo dandaulolo lili ndi mfundo. Koma imeneyo ndi nkhani yoti mudzi ukambirane pabwalo, osati yoti munthu mmodzi agamule ndi wotchi yake.

Msuweni wanga wamkulu, mwana woyamba wa pakhomopo, adali womvera koposa tonse. Atapeza ntchito ku Blantyre tidayesa kuti zake zayera. Sipadathe chaka, ntchito idatha. Kunalibe wenzulo yomudzutsa, kunalibe womuuza nthawi yolowa m'nyumba, kunalibe womuwerengera ndalama. Kwa zaka 20 adaphunzira kumvera, koma sadapatsidwe mpata ngakhale tsiku limodzi wophunzira kusankha. Mwana amene amuikira chilichonse pa nthawi yake amaoneka ngati wakhwima, pamene ali ngati mpesa wa nyemba woyanga pa phesi: mukazula phesilo, nawonso uli pansi.

Nditakula ndidamvetsa chimene chidawaumba amalume chotero, ndipo ndimawakumbukira ndi chifundo. Ku mgodi nthawi ndi moyo. Chikepe chimatsika pa ola lake ndipo sichidikira munthu. Miyala imaphulitsidwa pa ola lake, ndipo wotsalira pansi nthawi imeneyo satulukanso. Kumeneko wotchi idawasunga amoyo zaka zambiri, iwo naikhulupirira ndi mtima wonse. Chimene sadachione n'chakuti adabwera nayo ku dziko kumene ntchito imalamulidwa ndi mvula, matenda, maliro ndi ana, zinthu zimene sizidziwa kuwerenga manambala a pa wotchi.

Vuto la mtundu umenewu silichitika pakhomo pokha. Boma lathunthu lidagweramo m'dziko muno, ndipo Ntcheu adali pakati peni peni pa nkhaniyo. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la atsamunda lidada nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka, ndipo nkhawayo idali yoona, monga angavomereze aliyense amene waona zigwembe za m'mapiri athuwa. Mu 1946 lidakhazikitsa lamulo loteteza nthaka ndi zachilengedwe, ndipo m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, makamaka itapita njala ya 1949, malamulo a malimidwe adakhwimitsidwa zedi. Mlimi ankayenera kusiya matutu ndi kulima mizere yopingasa, kuunda milambala, ndi kutsiriza ntchito zina za m'munda lisanafike tsiku limene boma lidaika. Wolephera ankalipitsidwa, ena ankatsekeredwa. Lamulo silinkafunsa ngati mwini munda ndi mayi wamasiye, kapena ngati mwamuna wa pakhomopo ali ku Halale kapena ku Joni.

Mu 1953 Inkosi ya Makosi Gomani Wachiwiri, a Philip, ali ku Lizulu, adauza anthu awo kuti aleke kutsata malamulo a malimidwewo. Chimene ankakana kwenikweni chidali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma ankadziwa bwino pamene anthu awo pankawapweteka. Boma lidawachotsa paufumu. Apolisi atabwera kudzawatenga padabuka chipwirikiti, iwo nawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wina wa ku England, Michael Scott, koma Apwitikizi adawabweza. Inkosiyo idamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo.

Taonani lero. Yendani kuchokera ku Biriwiri mpaka ku Kampepuza, mudzaona mizere m'munda uliwonse, popanda wapolisi woimirira pamphepete. Chimene chidali chothandiza m'malamulo aja chidakhazikika chokha anthu ataona phindu lake. Chimene chidafa ndi tsiku loikika lija ndi chindapusa chake, pakuti nyengo ya ku Tsangano si nyengo ya ku Bwanje, ndipo mlimi weniweni amayang'ana mitambo ndi kufukula dothi ndi chala asanataye mbewu. Zaka zingapo za chidani pakati pa alimi ndi alangizi zidapita pachabe chifukwa chofuna kuti anthu onse achite chinthu chimodzi pa tsiku limodzi.

Ndibwere ku ntchito yanga. Pa sukulu zambiri za pulayimale belu loyamba maphunziro limalira 7:30 m'mawa, ndipo n'koyenera kuti lizilira, popeza ana mazanamazana sangaphunzire aliyense pa nthawi yake. Funso langa lili pa mwana amene wafika belu litalira. Kodi ndani ameneyu? M'zaka zonsezi ndapeza kuti waulesi weniweni ndi mmodzi mwa ochepa. Kawirikawiri ndi mtsikana amene wayamba wapita kumjigo kawiri, wasesa pabwalo ndi kusambitsa mng'ono wake. Ndi mnyamata amene wayamba wasenza thumba la kachewere kapena dengu la tomato kukafikitsa kumsewu. Ndi mwana wa kutsidya kwa Livulezi kapena Rivirivi amene wadikira kuti madzi aphwe. M'miyezi ya June ndi July, kumtunda kuno kukazizira mpaka zala kukanika kugwira pensulo, ndi kamwana kopanda juzi kamene kadikira kuti dzuwa liyambe latuluka.

Pa sukulu ina imene ndidaphunzitsapo, lamulo lidali lakuti wochedwa aliyense apatsidwe chikwakwa kapena akumbe dzenje la zinyalala asanalowe m'kalasi. Lamulolo linkatsatidwa mosayang'ana nkhope, ndipo olitsata ankanyadira kusayang'ana nkhopeko. Tsono tawerengani nane. Maphunziro a m'mawa nthawi zambiri amakhala masamu ndi Chingelezi. Mwana amene adachedwa mphindi khumi ankataya maola awiri a maphunziro ovuta koposa, ndipo ankalowa m'kalasi ali thukuta kamukamu, m'mimba mulibe kanthu. Ana si opusa. Posakhalitsa adatulukira nzeru yakuti belu likawapeza akali kutali, kuli bwino kupatukira kutchire, kudya masuku ndi kudikira nthawi yoweruka. Masiku otere akachuluka mwana amatsalira, akatsalira amabwereza kalasi, akabwereza kawiri amachita manyazi kukhala pakati pa ang'onoang'ono, ndipo m'kaundula timangolemba kuti adasiya sukulu. Boma litachotsa fizi mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri mwa atsopanowo adachokera m'makomo osauka kumene kudalibe wotchi ngakhale wailesi yowauza nthawi, ndipo ndiwo amene chikwakwa chinkayamba kuwapeza.

M'kalasi mwanga wochedwa amalowa mwakachetechete ndi kukhala pansi, ndipo ndimamuitana pa nthawi yopuma kuti andiuze chimene chidachitika. Onama alipo, koma mphunzitsi amene amadziwa midzi ya ana ake sanamizika kawiri, ndipo otere chilango chawo amachilandira ataweruka, phunziro atamva. Njira imeneyi ndi yotopetsa kuposa kungoimirira pachipata ndi mkwapulo, chifukwa imafuna kuti munthu aganize za mwana aliyense payekha. Ndiganiza kuti apa ndi pamene pagona chikoka cha malamulo ouma: amatipumuza ku ntchito yoganiza.

Tsopano ndilankhule ndi inu anyamata ndi atsikana, chifukwa ena mwa inu wenzulo mumadziimbira nokha. Mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4 akayandikira, mumalemba taimutebulo ndi kuimata pakhoma. Ndaziona zambiri. Kudzuka 3 koloko usiku, kuwerenga mpaka kucha, kusukulu, kuwerenganso mpaka 11 koloko, mpira ayi, kwaya ayi, kucheza ayi. Ena mumaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe. Masiku ano mwaonjezapo za pa foni, kumene anthu olemera a kunja amakuuzani kuti chinsinsi cha chuma chawo ndi kudzuka usiku. Sakuuzani kuti iwo amagona msanga, ali ndi wowaphikira ndi wowachapira, ndipo satunga madzi kapena kuyenda makilomita asanu wapansi.

Khama lanu ndimalilemekeza, koma thupi lili ndi malamulo ake amene sasintha chifukwa cha mayeso. Mu 2016 bungwe la madokotala oona za tulo ku America lidalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Akatswiri adapezanso kuti munthu akagona ndi pamene ubongo umasanja ndi kusunga zimene waphunzira masana. Kuwerenga usiku wonse osagona kuli ngati kukolola chimanga chambiri n'kuchisiya pabwalo osachituta. Ine ndimawadziwa ana otere ndisanawafunse: pofika 10 koloko maso ali psuu, mutu ukuwezuka, ndipo zimene ndikuphunzitsa nthawi imeneyo, zimene zidzabwerenso pa mayeso, zikungowadutsa.

Palinso choipa china chobisika. Taimutebulo yopanda mpata imasweka tsiku loyamba limene kwabwera alendo kapena mutu wawawa. Ikasweka, mwini wake sanena kuti pepalali lidalembedwa molakwika; amati ine ndine wolephera. Mawa lake sadzukanso n'komwe, ndipo sabata yonse imapita ali wokhumudwa, buku osaligwira. Mtsuko ukagwa kamodzi watha, koma dengu limagwa n'kulitola. Mwana amene adadziikira maola awiri okha tsiku lililonse, nasiya Loweruka lopanda kanthu kuti azikwaniritsa zimene zatsalira, amafika pa mayeso atawerenga zambiri kuposa mnzake wa 3 koloko uja.

Makolo ena adzati, "Aphunzitsi, m'mera mpoyamba, mwana tikamulekerera adzapotoka." Zoona. Koma tamvani za munthu wina amene adaongoledwa kuyambira ali m'mera kuposa mwana aliyense amene ndikumudziwa. John Stuart Mill adabadwira ku London mu 1806. Atate ake, James Mill, adali a ku Scotland, ndipo pa unyamata wawo adaphunzira za ubusa ku Edinburgh naloledwa kulalikira, ngakhale pambuyo pake adasiya njira imeneyo. Iwo adatsimikiza mtima kuumba mwana wanzeru zoposa. John adayamba Chigriki ali ndi zaka 3, Chilatini ali ndi zaka 8, ndipo ankaphunzitsanso abale ake aang'ono. Sankaloledwa kusewera ndi anyamata anzake, ndipo ngakhale poyenda kokawongola miyendo ndi atate ake ankayenera kufotokoza zimene adawerenga dzulo lake. Zidatheka ndithu: adakhala mmodzi wa anthu oganiza mozama a m'nthawi yake, ndipo mwini wake adavomereza kuti maphunzirowo adamuika patsogolo pa anzake ndi zaka zambiri.

Koma mu 1826, ali ndi zaka 20, mtima wake udazima. Adadzifunsa ngati angakondwe zonse zimene ankalimbikira zitatheka, napeza kuti sangakondwe. Kwa miyezi yambiri ankagwira ntchito zake monga mwa chizolowezi, koma m'kati mulibe chimwemwe kapena chisoni, ndipo sadathe kuuza atate ake, poona kuti iwo sakadamvetsa. M'buku la mbiri ya moyo wake, limene lidatuluka mu 1873, chaka chimene adamwalira, adafotokoza kuti chimene chidasowa pakati pa atate ake ndi ana awo chidali kukoma mtima koonekera. Chimodzi mwa zimene zidamutsitsimutsa ndi ndakatulo za William Wordsworth, zinthu zimene pa dongosolo la ubwana wake zikadaoneka ngati zotayitsa nthawi. Mill adali ndi mwayi wochira. Ana ena a makolo okhwima sachira. Amangokhala chete, ndipo makolowo amayesa kuti cheteyo ndi ulemu.

Sindikunena kuti chilichonse chingadikire. Wodwala chifuwa chachikulu ayenera kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 osadumphitsa, ngakhale akumva bwino, ngakhale kuli maliro. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo chimodzimodzi. Ng'ombe ya mkaka iyenera kukamidwa pa nthawi yake, ndipo feteleza wobereketsa akachedwa phindu lake limachepa. M'zinthu zotere nthawi yaikidwa ndi ntchito yomweyo, ndipo mukafunsa chifukwa chake, yankho lilipo. Koma mukafunsa chifukwa chimene nyali iyenera kuzima 8 koloko mwana asanatsirize samu yake, yankho limangokhala lakuti ndi m'mene timachitira pano.

Ndipo pali yesero limene limagwera anthu odziletsa okhaokha, limene chidakwa sichilidziwa: kudziyesa woposa ena. Pa misonkhano ya akulu a mpingo ndamvapo mawu owawa onena za amayi ofika mapemphero atayamba, mpaka ena kupempha kuti chitseko chizitsekedwa nyimbo yoyamba ikatha. Ndikayang'ana wolankhulayo, ndimaona bambo amene adadzuka n'kupeza madzi osamba ali otentha, malaya ali ositasita, tiyi ali patebulo. Iye adafika msanga chifukwa wina adatsala m'mbuyo kumukonzera zonsezo ndi kuveka ana, ndipo winayo ndi amene akufuna kumutsekera kunja.

Teremu yathayi kudabwera mayi wina kusukulu ndi mwana wake wamkazi wa mu Sitandade 8, mtsikana wanzeru amene malikisi ake adayamba kutsika popanda chifukwa chooneka. Mayiyo adakhala pansi pakhonde, namasula pepala pa nsonga ya chitenje.

"Aphunzitsi, taonani ichi. Adalemba ndi bambo ake. Akuti akapanda kutsata chimenechi sasankhidwa."

Pepalalo lidayamba 3 koloko usiku ndi kutha 10:30 usiku winawo. Mudalibe malo opanda kanthu ngakhale a chala chimodzi. Ntchito za pakhomo sadazichotse. Adangozipanikiza pakati pa masamu ndi sayansi.

"Nanga iwe mwanawe, ukamawerenga usiku muja, zimalowa?"

Mtsikanayo adayang'ana pansi. "Ndimangoona zilembo, aphunzitsi. Koma ndikagona abambo amamva kuti mapepala sakulira, ndiye ndimangotembenuza."

"Mayi, kunyumba kuli ana ena?"

"Alipo anyamata awiri, akulu kwa iyeyu."

"Madzi amatunga ndani?"

Mayiyo adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Aphunzitsi, mukudziwa kale."

Tidatenga pensulo atatufe. Pamene padali 3 koloko tidalembapo 5 koloko, pamene padali 10:30 tidalembapo 8:30. Madzi a m'mawa tidawapereka kwa anyamata aja kufikira mayeso atatha. Lachitatu masana tidabwezeretsapo mpira wa manja, umene mtsikanayo adausiya akuukonda, ndipo Loweruka masana tidasiya poyera. Mayiyo adalipenyetsetsa pepalalo nthawi yaitali, kenaka adalipinda bwinobwino.

"Zili bwino, aphunzitsi. Koma ine sindingakawaonetse bambo ake chimenechi. Adzati ndikulekerera mwana."

"Musakawaonetse ndinu, mayi. Lisiyeni kuno."

Bambowo ndi munthu wakhama, wokonda mwana wake, ndipo amakhala mpando wachiwiri kuchokera kutsogolo. Lamulungu lotsatira tidatsalira awiri pansi pa mtengo anthu atabalalika, ndipo tidakambirana kufikira mithunzi itatembenuka. Za 5 koloko adavomera, za madzi adavomera monyinyirika. Za mpira adati ayamba aganiza.